John Williams: mmisiri amene anaopseza dziko ndi manotsi awiri

Mu 1974, mnyamata wina dzina lake Steven Spielberg anatha miyezi pachilumba cha Martha's Vineyard ku America akulimbana ndi nsomba yakufa. Filimu imene ankajambula, Jaws, inali ya shaki, chinsomba cholusa cha m'nyanja yamchere chimene chinkagwira anthu osambira. Koma shaki wakeyo anali wopanga, wa makina, ndipo madzi amchere ankamuwononga tsiku ndi tsiku. Lero wakana kutsegula kukamwa, mawa wamira. Mapeto ake, mbali yaikulu ya filimuyo inajambulidwa chilombocho chisakuoneka.

Atamaliza kulumikiza zithunzi, Spielberg anapita kwa John Williams, munthu amene anayenera kupeka nyimbo za filimuyo. Mkuluyo anakhala pa piyano, n'kuika zala kumanzere kwenikweni kumene kuli mawu a besi, n'kuyamba kugogoda manotsi awiri oyandikana. A kwaya angati mi, fa. Mi, fa. Poyamba mwapang'onopang'ono, kenako mofulumira. Spielberg anaseka, poganiza kuti mnzakeyo akuchita nthabwala. Sizinali nthabwala.

Chimene Williams anaona n'chakuti manotsi awiriwo akhoza kugwira ntchito imene makina aja anakana. Akamveka chapansipansi, ndiye kuti chilombo chili patali. Akamathamanga ndi kukwera mphamvu, chayandikira. Woonera amangoona madzi ndi miyendo ya ana ikupalasa, koma mtima uli m'mwamba. Ndipo anasunga pangano ndi woonera: pamene anyamata awiri akuopseza anthu pagombe ndi chipsepse chabodza, nyimbo ija siimveka, chifukwa shaki palibe. Woonera akazolowera kukhulupirira nyimboyo, m'pamene amamutembenukira. Chakumapeto chilombocho chimavuuka pafupi ndi boti popanda chenjezo lililonse, ndipo anthu m'nyumba zoonetsera kanema ankakuwa. Filimuyo inatuluka mu 1975 ndipo inamupatsa Williams Oscar yake yachiwiri, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America.

Munthu akamva nkhani imeneyi amaganiza kuti zinali zamwayi, kuti aliyense akanatha kugogoda manotsi awiri. Koma pofika tsikulo, Williams anali atatha zaka pafupifupi 20 ali waganyu m'masitudiyo a Hollywood, ndipo luso lodziwa pamene manotsi awiri akwanira analitola m'zaka zimenezo.

John Towner Williams anabadwa pa 8 Febuluwale 1932 ku New York. Bambo ake, Johnny Williams, anali woimba ng'oma za jazi m'gulu la Raymond Scott, ndipo ankaimbanso pa wailesi. Make mbuu, mwana mbuu: mwanayo anakulira m'nyumba imene kuimba inali ntchito yodyetsa banja, yokhala ndi nthawi yolowera ndi yowerukira. Mu 1948 banjalo linasamukira ku Los Angeles. Kumeneko anaphunzira kupeka nyimbo kwa Mario Castelnuovo-Tedesco, Myuda wa ku Italy amene anathawa malamulo a tsankho a Mussolini. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 analowa usilikali wa m'ndege, kumene ntchito yake inali kukonzera nyimbo bandi ya asilikali ndi kuitsogolera. Pamenepo m'pamene anadziwira malipenga, zimene amatha ndi pamene woliza amatopera, ndipo aliyense amene wamvapo nyimbo zake akudziwa kuti malipenga ndiwo chuma chake.

Atachoka ku usilikali anabwerera ku New York kukaphunzira piyano kwa Rosina Lhévinne, mphunzitsi wotchuka wa pa sukulu ya Juilliard. Cholinga chinali chodzakhala katswiri woimba piyano m'maholo akuluakulu. Iye mwini amasimba kuti atamva mmene anzake ena, monga Van Cliburn, ankaimbira, anaona kuti bola atsate zopeka nyimbo. Usiku ankaimba jazi m'makalabu kuti apeze ya ndiwo.

Kenako anabwerera ku Los Angeles n'kukhala woimba piyano wa m'masitudiyo. Ntchito imeneyi ilibe ulemerero. Umafika m'mawa, amakupatsa pepala la nyimbo imene sunaionepo, nyali yofiira iyaka, uimbe osalakwitsa. Zala zimene zimagunda piyano mu nyimbo ya Henry Mancini ya pulogalamu ya pa TV ya Peter Gunn ndi zake. Anaimbanso pansi pa akuluakulu a nthawi imeneyo monga Alfred Newman, Franz Waxman, Elmer Bernstein ndi Bernard Herrmann. Atakhala pa piyano paja ankaona zonse: chimene chikugwira mtima chikaikidwa pa chithunzi, chimene chikuphimba mawu a osewera, ndi mmene mkulu wodziwa ntchito amakonzera cholakwika oimba makumi angapo akudikira, ndalama za kampani zikupita. Posakhalitsa anayamba kupatsidwa ntchito yogawira zida zoimbira nyimbo za ena, kenako yopeka zake za mapulogalamu a pa TV, pansi pa dzina loti Johnny Williams. Ya pa TV ndi ntchito ya kalavulagaga. Sabata iliyonse pafunika nyimbo zatsopano, lero zoseketsa, mawa za anyamata a pa akavalo, mkuja za zilombo za m'mlengalenga ngati za mu Lost in Space ya 1965. Palibe zodikira kuti mzimu ukufikire.

Apa m'pofunika kufotokoza mmene ntchitoyi imayendera, chifukwa ambiri amaganiza kuti wopeka amangolemba nyimbo yokoma, ena n'kuimata pa filimu. Kawirikawiri wopeka amabwera kumapeto, zithunzi zitajambulidwa ndi kulumikizidwa kale. Amakhala m'kachipinda ndi wotsogolera filimuyo, n'kuionera ilibe nyimbo, akumaimitsa pafupipafupi: apa nyimbo iyambe, apa ileke, apa pakhale zii. Wina amakhala akulemba nthawi ya chilichonse chochitika, mpaka kachigawo ka sekondi. Chitseko chatseguka pa sekondi yakuti, mtsikana watembenuka pa yakuti. Wopeka amatenga mndandandawo kupita nawo kwake, ndipo amakhala ndi masabata owerengeka kuti alembe nyimbo zotalika mwina ola lathunthu kapena kuposa, zoti zigwere ndendende pa nthawi zimenezo koma zimveke ngati zikungoyenda zokha. Tiyerekeze kuti akuuzani kuti mupeke nyimbo ya ukwati, koma mawu oti "chikondi" afike pomwe phazi la mkwatibwi likuponda pakhomo la tchalitchi, osati sekondi imodzi m'mbuyo.

Tsiku lojambula nyimbo, oimba amakhala m'chipinda chachikulu atafulatira chinsalu choonetserapo filimu. Amene amachiona ndi wotsogolera oimba yekha, ndodo ili m'manja. Pa chithunzipo pamadutsa mzere woima, kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo ukafika kumapeto pamathwanima kuwala: pamenepo ndi pamene noti yakuti iyenera kugwera. Njira imeneyi imatchedwa ndi dzina la Alfred Newman. Ena amakonda kuveka oimba onse zomvera m'makutu zimene zimagogoda kuti ke, ke, ke, ngati wotchi, kuti asaphonye. Williams amakonda mizere ija ndi wotchi, chifukwa zimamulola kukoka nyimbo pang'ono apa ndi kuithamangitsa apo, monga amachitira munthu wopuma mpweya. N'chifukwa chake kwa iye kupeka ndi kutsogolera oimba si ntchito ziwiri zosiyana.

Ngakhale iye nthawi ina zinamukanika. Mathero a E.T., filimu ya 1982, ali ndi nyimbo yosadukiza ya mphindi pafupifupi 15: ana akuthawa pa njinga, njinga zikuuluka, kenako kutsanzikana. Williams anayesa kangapo. Akakwanitsa kugwera pa nthawi zonse, nyimbo inkamveka youma. Akaitsogolera mmene mtima ukufunira, inkaphonya zithunzi. Spielberg anazimitsa filimuyo n'kumuuza kuti aimbitse mmene akufunira, ndipo pambuyo pake anakadula zithunzi kuti zitsate nyimbo. Zimenezi ndi zosowa ku Hollywood, kumene nyimbo ndi imene imagwadira chithunzi.

Ubwenzi wa awiriwa unayamba pa The Sugarland Express ya 1974, filimu yoyamba ya Spielberg yoonetsedwa m'nyumba za kanema. Williams anali wamkulu kwa mnzakeyo ndi zaka pafupifupi 15, ndipo anali atalandira kale Oscar yoyamba chifukwa chokonzanso nyimbo za Fiddler on the Roof ya 1971. Chaka chomwecho cha 1974 chinali cha maliro. Mkazi wake, Barbara Ruick, wosewera m'mafilimu komanso woimba, anamwalira mwadzidzidzi mu Marichi, n'kumusiyira ana atatu. Pomukumbukira analemba nyimbo yaitali ya vayolini ndi okestra (gulu lalikulu la oimba ndi zida zosiyanasiyana), yolemera ndi yovuta kumva, yosiyana kutali ndi zimene anthu amamudziwa nazo. Mmodzi mwa anawo, Joseph, anadzakhala woimba wa gulu la Toto, ndipo ndi iye amene amaimba m'malo mwa Simba atakula mu The Lion King ya 1994. Williams anadzakwatiranso mu 1980.

Ndi Spielberg amene anamutchula kwa George Lucas, yemwe ankafuna wopeka nyimbo za Star Wars. Kuti timvetse kukula kwa zimene zinachitika mu 1977, tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, nyimbo za mafilimu a ku America zinkalembedwa ndi anthu ophunzira ku Ulaya, monga Max Steiner ndi Erich Wolfgang Korngold, onse okulira ku Vienna. Iwowa anabweretsa kaimbidwe ka okestra yaikulu, ya mavayolini ambirimbiri ndi malipenga, ndipo kampani yaikulu iliyonse inkasunga oimba akeake olipidwa pamwezi. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 makampani anasiya kusunga oimbawo, ndipo m'ma 1960 kaimbidwe kaja kanayamba kuoneka kachikale. Opanga mafilimu anaona kuti kuika nyimbo za achinyamata zotchuka pa wailesi n'kotsika mtengo, ndiponso chimbale chimagulidwa. Lucas yemweyo, mu American Graffiti ya 1973, anangosanja nyimbo zakale za pa wailesi basi.

Koma pa Star Wars Lucas anaganiza mosiyana. Popeza zonse za pa chinsalu zinali zachilendo, maiko osadziwika, zolengedwa zosaoneka bwino, maloboti, anafuna kuti khutu limve chinthu chodziwika, choti woonera agwirepo. Williams anatenga njira ya Richard Wagner, wopeka wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1800, yopatsa munthu aliyense, ngakhale ganizo lililonse, kanyimbo kakekake. Amene anakulira kumene kuli gule wamkulu sangavutike kumvetsa: ng'oma ikasintha, nyimbo ina ikayambika, anthu pabwalo amadziwa chimene chikutuluka asanachione. Kusiyana kwake n'kwakuti mu filimu kanyimboko kamasintha pamodzi ndi mwini wake. Kanyimbo kamene kamamveka ndi lipenga limodzi lofatsa mnyamata Luke ataima m'chipululu kuyang'ana madzuwa awiri akulowa, ndi komweko kamene kamabwera kumapeto ngati nyimbo ya perete, okestra yonse ikuimba mwamphamvu. Woonera sauzidwa kuti mnyamata wakula. Amangozimva.

Nyimbozo zinajambulidwa mu Marichi 1977 ku Denham, kufupi ndi London, ndi London Symphony Orchestra, imene panthawiyo inkatsogoleredwa ndi mnzake wa Williams wakalekale, André Previn. Woliza lipenga wamkulu, Maurice Murphy, anali atangoyamba kumene ntchito m'gululo, ndipo kulira koopsa kuja kotsegulira filimu ndi kumene anayambira. Williams anaika noti yoyambayo pa mlingo wofanana ndi wa kanyimbo ka malipenga ka kampani ya 20th Century Fox, kamene Alfred Newman analemba mu 1933, kuti ziwirizo zimveke ngati chinthu chimodzi. Chimbale cha nyimbozo chinagulidwa ngati cha oimba a pa wailesi, ndipo makampani amene anataya okestra anayamba kuifunanso.

Pali mlandu umene umamutsata kuyambira nthawi imeneyo, wakuti ndi wokopera. Omuneneza amaika nyimbo yotsegulira Star Wars pambali pa ya Korngold ya mu Kings Row ya 1942, amatchula Gustav Holst ndi Igor Stravinsky, ndipo ena amati ngakhale manotsi awiri a shaki aja akufanana ndi poyambira gawo lomaliza la nyimbo ina ya Antonín Dvořák. Kufanana kulipo, n'kosabisika. China chimene chimachititsa n'chakuti olumikiza filimu amayamba aikamo nyimbo za anthu ena mongogwirizira, wotsogolera filimuyo n'kuzizolowera, kenako n'kuuza wopeka kuti akufuna zonga zomwezo. Lucas anachita zimenezo. Koma ine ndimaona kuti mlanduwu umakula mopitirira. Amene amati n'zongokopera ayese kuimba ndi mluzu nyimbo ya Korngold ija mpaka kumapeto. Chiyambi chikufanana, koma njira imene Williams amadutsa pambuyo pake, ndi mmene amaipindira kuti ikwane masekondi a chithunzi, n'zake. Anatengera chilankhulo, ziganizo n'kupanga yekha.

Ndipo ziganizo zazifupizo ndi zimene zimamudyera nthawi. Chaka chomwecho cha 1977, pa Close Encounters of the Third Kind, Spielberg anafuna manotsi asanu okha oti anthu ndi alendo ochokera kumlengalenga azilonjerana nawo. Williams analemba mitundu mazana angapo asanasankhe re, mi, do, do wapansi, so. Mufilimumo asayansi amaonetsanso manotsiwo ndi zizindikiro za manja, zochokera ku kaphunzitsidwe ka do-re-mi komwe makwaya athu ambiri amaphunzirira nyimbo. Amanena kawirikawiri kuti kanyimbo kosavuta ndi kamene kamavuta kupeza, kuti amatha masiku akusuntha noti imodzi uku ndi uku mpaka kamveke ngati kanalipo kale. Zonsezi amachita ndi pensulo ndi pepala, pa piyano, mpaka lero, pamene anzake ambiri a ntchitoyi amapekera pa kompyuta.

Mu 1980 anachita chinthu chimene ambiri sanayembekezere. Arthur Fiedler, amene anatsogolera Boston Pops kwa zaka pafupifupi 50, anamwalira mu 1979, ndipo Williams anavomera kulowa m'malo mwake. Boston Pops ndi okestra yoimba nyimbo zopepukirapo, anthu akudya ndi kumwa pa matebulo, ndipo oimba ake ambiri ndi a Boston Symphony, anthu ozolowera Beethoven ndi Brahms. Ena mwa iwo ankaona ntchito ya Pops ngati yongopezerapo ndalama, ndipo nyimbo za mafilimu ankaziyang'anira pansi. Mu 1984, pa nthawi yoyeserera, ena anatsonya nyimbo yatsopano ya Williams iye ali pomwepo. Munthu wodziwika ndi kufatsa uja anatula pansi udindo. Panafunika kupepesa ndi kukambirana kuti abwerere, ndipo anakhalapo mpaka 1993, nyengo 14 zonse pamodzi. M'zaka zimenezo ankaika pa pulogalamu nyimbo za Korngold, Newman, Herrmann ndi ena amene anawaimbira piyano ali mnyamata. Masiku ano okestra zambiri zimadzaza maholo poonetsa filimu pa chinsalu oimba akuimba pompo, ndipo mbali ina njirayo inalambulidwa ku Boston.

Za m'zaka zotsatira tingodutsamo mwachangu, poti n'zambiri: Superman mu 1978, Indiana Jones kuyambira 1981, nyimbo ya malipenga ya masewera a Olympics a ku Los Angeles mu 1984, Home Alone mu 1990, ndi mafilimu atatu oyambirira a Harry Potter kuyambira 2001. Chaka choyenera kuimapo ndi 1993. Atangomaliza Jurassic Park, Spielberg anamuonetsa Schindler's List, nkhani ya Mjeremani amene anapulumutsa Ayuda oposa 1,000 m'nthawi ya Hitler. Williams anatuluka panja kukayenda kuti mtima ukhale pansi, ndipo atabwerera anauza mnzakeyo kuti filimu yotere ikufunika wopeka woposa iye. Spielberg anavomera kuti n'zoona, koma opeka omuposawo onse anamwalira kale. Munthu wa malipenga uja anawasiya pambali, n'kulemba nyimbo ya vayolini imodzi yolira ngati munthu, imene anaimba Itzhak Perlman. Imeneyo inali Oscar yake yachisanu, ndipo sanalandirenso ina.

Mu Amistad ya 1997, nkhani ya akapolo a mtundu wa Amende amene analanda sitima mu 1839, anatenga ndakatulo ya Bernard Dadié wa ku Côte d'Ivoire n'kuiika m'kamwa mwa kwaya m'chilankhulo cha Chimende.

Wasankhidwapo kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar ka 54. Amene anamuposa ndi Walt Disney yekha. Komaliza kanali mu 2024, ali ndi zaka 91, ndipo palibe wina anasankhidwapo ali wamkulu chotero. Analemba nyimbo za magawo onse 9 a nkhani yaikulu ya Star Wars, kuyambira 1977 mpaka 2019, zaka 42, ndipo ndi Spielberg wagwira mafilimu pafupifupi 30.

Mu Januwale 2020, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 88, anaima kutsogolo kwa Vienna Philharmonic mu holo ya Musikverein, mumzinda umene Steiner ndi Korngold anachokera. Gulu limeneli ndi lodziwika ndi kusunga mwambo, ndipo nyimbo za Hollywood sizinali chakudya chake. Pokonza pulogalamu, Williams anasiya kunja nyimbo ya perete ya Darth Vader, mdani woopsa wa mu Star Wars, poona kuti oliza malipenga anali atawasenzetsa kale katundu wokwanira. Pa nthawi yoyeserera, olizawo anamufikira okha n'kumupempha kuti aiikemo. Anaiika kumapeto kwenikweni, ndipo anaiimba.